Zinayi mwa Zisanu Sizikwana: Kayesedwe ka Ophunzira Unamwino

Msewu wochoka ku Phalombe kupita ku Nkhulambe umakwera pampata umene uli pakati pa phiri la Mulanje ndi phiri la Michesi. Pampata pomwepo pali mabwinja a linga limene boma la atsamunda lidamanga m'chaka cha 1893 pofuna kutseka njira imene ogulitsa akapolo ankadzera popita kunyanja yamchere. Lingalo adalitcha Fort Lister. Omvera amene adaphunzirako za umoyo angaganize kuti dzinali ndi la Joseph Lister, dokotala wa ku Britain amene m'chaka cha 1867 adaonetsa kuti zilonda za opareshoni siziola ngati manja, zipangizo ndi nsalu zomangira zatsukidwa ndi mankhwala opha tizilombo. Sichoncho ayi. Mwini dzinalo adali Sir Villiers Lister, mkulu wina wa mu ofesi yoona za maiko akunja ku London. Komabe nkhani ya lero ikadamkomera dokotala uja koposa mkulu wa mu ofesiyo, pakuti ikukhudza manja a namwino ndi zimene manjawo ayenera kudziwa.

Amene adayendapo pamsewu umenewu nyengo ya dzinja akudziwa kuti ulendo wochoka kuseri kwa phiri kukafika kuchipatala chachikulu si wamasewera. M'mwezi wa Malichi chaka cha 2023, namondwe wa Freddy adagumula mapiri, nawononga chipatala chaching'ono cha Nkhulambe ndi matope ndi miyala, nadula misewu kotero kuti midzi yambiri idakhala masiku angapo osafikika ndi galimoto. Achikulire adakumbuka napolo wa mu Malichi 1991. Koma ngakhale kunja kutacha bwino, ambulansi yochoka ku chipatala cha John Chilembwe ku Migowi, chimene chidatsegulidwa m'chaka cha 2022, kapena ku chipatala cha mishoni cha Holy Family, ilibe mapiko. Mayi amene wachira kumene, nayamba kutaya magazi kwambiri, angathe kutsirizika m'maola awiri okha ngati palibe womthandiza. M'maola amenewo moyo wake uli m'manja mwa namwino amene ali naye m'chipindamo, ndipo nthawi zina namwinoyo ndi mtsikana kapena mnyamata amene adatsiriza sukulu chaka chatha chomwechi.

M'boma la Phalombe muli sukulu yophunzitsa anamwino ndi azamba ya Holy Family, imodzi mwa sukulu za mipingo zimene zili pansi pa bungwe la CHAM. Wophunzira amakhala zaka zitatu, mwina m'kalasi mwina m'mawodi, ndipo asanayambe ntchito ayenera kukhoza mayeso a bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi, limene limapereka chilolezo kwa anamwino ndi azamba onse m'dziko muno. Funso limene aphunzitsi a sukulu zotere, kuno ndi kunja komwe, akulimbana nalo masiku ano ndi ili: kodi munthu angadziwe bwanji kuti wophunzira amene wakhoza mayeso adzachitadi zoyenera usiku wina, ali yekha, magazi akutayika?

Funsoli lakula chifukwa kathandizidwe ka odwala kasintha. Akatswiri adazindikira kuti pa matenda ena pali zochita zingapo, kawirikawiri zitatu kufikira zisanu, zimene chilichonse mwa izo chidayesedwa pa kafukufuku nichipezeka kuti chimathandiza, koma zimathandiza koposa zikachitidwa zonse, pamodzi, nthawi yake isanadutse. Pa Chingerezi amati care bundle, ndiye kuti mtolo wa chithandizo. Maganizowa adawakhazikitsa ndi a bungwe la Institute for Healthcare Improvement ku America m'chaka cha 2001. Patapita zaka zisanu, Dr Peter Pronovost ndi anzake adalengeza zimene adapeza m'zipinda 103 za odwala mwakayakaya m'chigawo cha Michigan. Kumeneko mtolo wake udali wa zinthu wamba monga kusamba m'manja, kupukuta khungu la wodwala ndi mankhwala, ndi kuchotsa msanga kapaipi ka mumtsempha kakatha ntchito. Matenda olowa m'magazi kudzera m'timapaipi timeneti adatsika ndi magawo awiri mwa atatu. Palibe chatsopano chimene adatulukira. Chimene chidasintha n'chakuti palibe chimene chinkasiyidwa.

Mtolo umene ukukhudza kwambiri amayi a kumidzi ndi wa kutaya magazi pochira. Kwa zaka zambiri azamba ankayesa kuchuluka kwa magazi ndi maso, ndipo maso amanama: magazi ena amalowa m'chitenje, ena m'nsalu za pabedi, ena amatsikira pansi, motero woyang'ana amaganiza kuti atayika ochepa. Tsono chiyambi cha mtolowu ndi pepala la pulasitiki limene amayala pansi pa mayi mwana akangobadwa, lokhala ndi thumba lolembedwa mizere yosonyeza muyeso. Magazi akafika pa mamililita 500, ndiye kuti theka la lita, kapena akafika pa 300 pamene mtima wa mayi ukuthamanga kapena mphamvu ya magazi yatsika, mzamba sayenera kudikira kanthu. Omvera akumbukire kuti mamililita 300 ndi botolo limodzi lagalasi la Fanta, basi. Pamenepo zochita zisanu ziyenera kuyamba: kutikita chiberekero pamimba kuti chilimbe, kupereka mankhwala a oxytocin olimbitsa chiberekero, kupereka mankhwala a tranexamic acid othandiza kuti magazi agwirane, kuika diripi, ndi kufufuza kumene magaziwo akuchokera, kaya ndi pong'ambika m'njira ya mwana kaya ndi chidutswa cha nsapo chimene chatsalira, n'kuitana odziwa koposa kapena kukonza ulendo ngati sakuleka. Zonsezi zichitike m'mphindi 15.

Umboni wake ndi wolemera. Kafukufuku wotchedwa E-MOTIVE, amene zotsatira zake zidatuluka m'chaka cha 2023, adachitika m'zipatala 80 za ku Kenya, Nigeria, South Africa ndi Tanzania, ndipo adakhudza amayi oposa 210,000. M'zipatala zimene zinkatsata kachitidwe kakale, amayi 43 mwa 1,000 alionse adataya magazi okwana lita kapena kupitirira, kapena adang'ambidwa pamimba chifukwa cha magaziwo, kapena adamwalira nawo. M'zipatala zimene zinkatsata mtolo, adali 16 mwa 1,000. Chaka chomwecho bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lidalangiza maiko kuti atsate njira imeneyi. Koma pali chiwerengero china mu kafukufuku yemweyo chimene aphunzitsi a unamwino ayenera kuchisinkhasinkha. M'zipatala za kachitidwe kakale, mwa amayi 100 alionse otaya magazi, 19 okha ndiwo adalandira chithandizo cha mu mtolo mokwanira, pamene m'zipatala zinazo adali 91. Azamba a m'zipatala zoyambazo sadali mbuli ayi. Mankhwalawo ankawadziwa. Chimene chinkasowa ndi kuzindikira msanga ndi kuchita zonse nthawi imodzi.

Apa ndi pamene kayesedwe ka kusukulu kamasemphana ndi zosowa za m'wodi. Mphunzitsi aliyense akudziwa kuti mwana amene wakhoza mafunso anayi mwa asanu wapeza malikisi 80, ndipo amamuombera m'manja pamzere wa m'mawa. Pa masamu ndi pa mbiri yakale palibe chovuta. Koma wophunzira unamwino amene watikita chiberekero, wabaya oxytocin, waika diripi, wafufuza bwino lomwe, naiwala tranexamic acid, sadapereke mtolo. Mphika sukhazikika pa mafuwa awiri. Nchifukwa chake amene adayambitsa mitolo adaikanso lamulo la kawerengedwe kake, lakuti wodwala walandira zonse kapena sadalandire mtolo konse, palibe zapakatikati. Masamu ake ndi osavuta. Atakhala kuti namwino amakumbukira chochita chilichonse kasanu ndi kanayi mwa kakhumi, ndipo kuiwala kwa chimodzi sikukhudzana ndi chinzake, ndiye kuti mwa odwala 100 ndi 59 okha amene adzalandire zonse zisanu. Munthu wa malikisi 90 pa chinthu chilichonse angathe kupereka chithandizo choperewera kwa amayi anayi mwa khumi.

Nthawi nayo ili m'gulu la zoyesedwa. Kafukufuku wa WOMAN, amene adatuluka m'chaka cha 2017 atachitika pa amayi oposa 20,000 m'maiko 21, adaonetsa kuti tranexamic acid akaperekedwa asanathe maola atatu chibadwire mwana, imfa za kutaya magazi zimatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa atatu, koma akaperekedwa mochedwa kuposa apo phindu lake silioneka. Wophunzira amene wachita zonse zisanu koma mozengereza, akumalizitsa chimodzi, n'kuima kupenyerera ngati chathandiza asanayambe china, walephera chimodzimodzi ndi woiwala uja.

Tsono wophunzirayo ayesedwe bwanji? Njira yosavuta ndi yotsika mtengo koposa zonse ndiyo kumpatsa pepala la mafunso kuti adziyese yekha, alembe ngati akudziona kuti amatha bwino, amatha pang'ono kapena satha. Ofufuza ambiri amaikonda njirayi chifukwa kalasi lonse limatha tsiku limodzi. Ili ndi ntchito yake, pakuti imaonetsa pamene ophunzira ali ndi mantha. Koma kafukufuku wa m'maiko osiyanasiyana waonetsa kuti zimene munthu amanena za luso lake sizigwirizana kwenikweni ndi zimene woyang'anira amaona, ndipo nthawi zambiri odzidalira kwambiri ndi amene satha. Kuno kwathu pali chinanso: mwana woleredwa bwino sadzitama pamaso pa akulu, motero wodziwa zedi angalembe kuti amatha pang'ono, pamene mnzake wapakamwa walemba kuti amatha zonse. Mayeso olemba ndi abwinopo, chifukwa amaonetsa ngati wophunzira akudziwa muyeso wa mankhwala ndi chifukwa chake chochita chilichonse chili mu mtolo. Koma cholembera sichiika diripi.

M'chaka cha 1990 George Miller, katswiri wa maphunziro a udokotala ku America, adayerekeza luso la wantchito wa chipatala ndi makwerero anayi. Pansi pali kudziwa, pamwamba pake kudziwa kachitidwe kake, kenaka kuonetsa kuti utha kuchita, ndipo pamwamba penipeni pali kuchitadi pantchito pamene palibe wokuyesa. Mayeso a papepala amalekera pa khwerero lachiwiri. Kuti afike pa lachitatu, aphunzitsi amagwiritsa ntchito mayeso otchedwa OSCE, amene adayambitsidwa ndi Ronald Harden ndi anzake ku Dundee, m'dziko la Scotland, m'chaka cha 1975, ndipo sukulu za unamwino m'Malawi muno zimawagwiritsa ntchito.

Mayeso amenewa amayenda motere. Chipinda chimagawidwa m'malo angapo, ndipo pamalo alionse pali ntchito imodzi, woyesa mmodzi ndi pepala la zofunika kuchonga. Belu likalira wophunzira amalowa, nawerenga kalata yofotokoza za wodwala, nayamba ntchito. Likaliranso amasiya n'kupita pamalo ena. Ophunzira onse amakumana ndi ntchito zofanana, motero palibe wonena kuti mnzake adapatsidwa wodwala wosavuta. Pamalo a kutaya magazi pamakhala chidole, monga chija chotchedwa MamaNatalie, chimene mphunzitsi amavala pamimba ngati epuloni. M'kati mwake muli thumba la madzi ofiira ndi chiberekero chimene mphunzitsiyo angathe kuchifewetsa kapena kuchilimbitsa ndi dzanja lake. Akatsegula madziwo, woyesa amayang'ana wotchi. Kodi wophunzirayo waona mzere pa pulasitiki, kapena maso ake ali pa mwana? Kodi wafuula kuitana thandizo? Kodi dzanja lake lapeza pamwamba pa chiberekero, kapena likungosisita mimba? Kodi wawerenga dzina ndi tsiku lothera mphamvu pa botolo la mankhwala? Kodi wamuuza mayiyo zimene zikuchitika? Mphunzitsi wovala chidole uja amamva ndi thupi lake ngati kutikitako kuli ndi mphamvu, chinthu chimene pepala silingamve.

Njirayi ndi yabwino, koma ili ndi misampha imene woyesa wanzeru amaidziwa. Pepala lochonga likakhala ndi mizere makumi atatu, ndipo mzere uliwonse uli ndi malikisi ofanana, wophunzira angathe kupeza malikisi ochuluka pa kupereka moni, kutseka katani ndi kutaya magolovesi moyenera, nakhoza mayeso ataiwala mankhwala opulumutsa moyo. Moni ndi wofunika, ndipo amayi ambiri amadandaula za anamwino aukali. Komabe zochita za mu mtolo ziyenera kulembedwa padera monga zosasiyika, kuti wophonya chimodzi abwerere kukaphunzira n'kudzayesedwanso, ngakhale malikisi ake onse atakhala okwera. Kubwereza kotere si chilango, ndipo sikuyenera kukhala njira yothamangitsira ana a anthu pasukulu. Msampha wina ndi kuloweza. Ophunzira ndi ochenjera, amadziwa zimene zili papepala la woyesa, ndipo ena amazilakatula ngati katekisimu, pakamwa pakuti diripi yaikidwa pamene manja ali m'thumba. Palinso kusiyana kwa oyesa eniake, wina wachifundo wina wouma mtima. Sukulu zosamala zimayamba zaika oyesa awiri kuti achonge wophunzira mmodzi, aliyense payekha, n'kuona ngati akugwirizana. Akasiyana kwambiri, ndiye kuti cholakwika chili pa pepala kapena pa oyesawo, osati pa wophunzira.

Pali chinanso chimene mayeso a munthu mmodzi payekha sangathe kuchiona. Manja awiri sangatikite chiberekero, kufuna mtsempha ndi kupopa mankhwala nthawi imodzi. Mtolo ndi ntchito ya gulu, ndipo luso lalikulu la namwino wa pachipatala chaching'ono ndi kugawa ntchito kwa aliyense amene ali pafupi: wothandizira m'wodi agwire nyali, mlonda akadzutse wachipatala wina, wodikirira wodwala anyamule mwana. Choncho mayeso oyenera amaika ophunzira awiri kapena atatu pamodzi, n'kuona ngati wotsogolera akulankhula momveka, akutchula munthu ndi ntchito yake, ndiponso ngati wotumidwayo akubwereza zimene wamva.

Khwerero lachinayi la Miller lili m'wodi, ndipo ndi lovuta koposa. Wophunzira amayenda ndi kabuku kamene namwino womuyang'anira amasainamo akaona kuti wachita ntchito yakutiyakuti. Koma namwino amene ali yekha ndi amayi khumi alibe nthawi yoima kupenyerera wophunzira, ndipo siginecha yoikidwa kumapeto kwa sabata imangochitira umboni kuti wophunzirayo adalipo. Ndiponso kutaya magazi sikubwera pa nthawi ya mayeso. Wina angathe kutsiriza miyezi yake m'wodi ya amayi osatsogolerapo chithandizo chotere ngakhale kamodzi. Kuwonjezera apo, m'wodimo wophunzira amakumana ndi anamwino achikulire amene adaphunzira njira ina. Kufikira chaka cha 2017 malangizo a WHO ankati tranexamic acid aperekedwe mankhwala olimbitsa chiberekero akalephera kapena magazi akamachokera pong'ambika, ndipo amene adaphunzira nthawi imeneyo sadaphunzitsidwe zabodza, adaphunzitsidwa zimene zinkadziwika. Umboni udasintha pambuyo pake. Wophunzira wa chaka chachitatu amene akuona mzere wa 500 wadutsidwa, namwino wamkulu akuti adikire kaye, ali pamayeso aakulu kuposa a belu aja. Kunena mwaulemu koma mosabwerera m'mbuyo kuti muyeso wakwana ndipo mtolo uyambe ndi luso limene liyenera kuphunzitsidwa ndi kuyesedwa monga kuika diripi.

Woyesa ayeneranso kusiyanitsa kulephera kwa wophunzira ndi kusowa kwa zipangizo. Oxytocin amafuna kusungidwa mufiriji, ndipo akakhalitsa pamalo otentha mphamvu yake imachepa. Pepala lamizere likatha, mzamba amabwerera ku maso ake. Kafukufuku wa E-MOTIVE sadangophunzitsa anthu ayi. Adaikanso m'wodi iliyonse kangolo kapena bokosi lokhala ndi zonse zofunika malo amodzi, adasankha anthu olimbikitsa anzawo, adakonza zoyeserera pa zidole pantchito pomwepo, ndipo zipatala zinkauzidwa kawirikawiri momwe zikuchitira. Kumpatsa wophunzira malikisi otsika chifukwa m'kabati mulibe mankhwala n'kosalungama. Chimene angayesedwe nacho ndi chakuti kodi adatsegula bokosilo poyamba ntchito m'mawa, naona chimene chikusowa, nauza woyenera.

Malawi sali wongolandira mitolo yopangidwa kwina. Mtolo wa FAST-M, wothandiza amayi amene tizilombo talowa m'magazi mwawo ali oyembekezera kapena atachira, udayesedwa koyamba m'zipatala 15 za boma m'dziko muno, mogwirizana ndi sukulu ya ukachenjede ya Birmingham. Zochita zake ndi kuika diripi, kupereka mankhwala opha tizilombo, kufufuza ndi kuchotsa gwero la matendawo, kuona ngati mayi ayenera kutumizidwa kuchipatala chachikulu, ndi kuyesa pafupipafupi kutentha kwa thupi, kugunda kwa mtima ndi kapumidwe, ndipo chithandizocho chiyambe lisanathe ola limodzi. Pambuyo pake padachitika kafukufuku wamkulu wa APT-Sepsis m'zipatala 59 za ku Malawi ndi Uganda, amene adaphatikiza mtolowu ndi kusamba m'manja ndi njira zina zopewera matenda. Zotsatira zake, zimene zidatuluka m'chaka cha 2025, zidaonetsa kuti imfa ndi kudwala kwakayakaya kochokera ku matenda otere zidatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa atatu. Apa Joseph Lister uja akadagwedeza mutu movomereza. Kwa aphunzitsi, mtolo umenewu uli ndi vuto lakelake pouyesa, pakuti matendawa sachita phokoso monga magazi. Mayi amangooneka wofooka, ndipo wophunzira amene salemba kapumidwe ka wodwala, kapena amalemba nambala yongoganizira, sadzadziwa n'komwe kuti ola lija layamba kuwerengedwa.

Kafukufuku wa kalembera wa zaumoyo adapeza kuti m'chaka cha 2004 amayi 984 mwa 100,000 alionse obereka ana amoyo ankamwalira pa zifukwa za uchembere m'Malawi muno. Pofika 2010 adali 675, ndipo pa kafukufuku wa 2015 ndi 2016 adali 439. Kutaya magazi ndi matenda olowa m'magazi zili m'gulu la zifukwa zazikulu za imfa zimene zatsalazo, ndipo zonse ziwiri zili ndi mtolo wake.

Chimene aphunzitsi ambiri akugwirizana n'chakuti mayeso a tsiku limodzi sakwanira, chifukwa luso la manja limazilala pakapita miyezi yochepa ngati munthu salibwereza. Wokhoza bwino mu Disembala angathe kudodoma mu Juni. Motero muyeso woona ndi wobwereza: chidole chisakhale chotsekeredwa m'kabati kudikira alendo, koma chituluke kawirikawiri kwa mphindi zochepa, nthawi zina mosadziwitsa, ndipo woyesa alembe zinthu ziwiri zokha, ngati zisanu zonse zachitika ndi mphindi zimene zatha. Kwa amene adzatumizidwe kukagwira ntchito kuseri kwa Michesi, n'koyenera kuti tsiku lina kuyeserera kumeneku kuchitike magetsi atazimitsidwa, ndi tochi imodzi, wothandiza mmodzi wosaphunzira unamwino, ndi uthenga wakuti ambulansi yaima kutsidya kwa mtsinje wodzaza.